Nyenyeswa Zotsalira M'tsache

Pa tauni ina yaing'ono, pamene msewu wa fumbi umakumana ndi wa tala, panali munthu wina wosema zitsulo. Anthu ankamutchula ndi mfunda wake, aKwenda. Shopu yawo inali ya malata, yotentha masana moti ngakhale nkhuku sizinkalowamo, ndipo pakati pake panali makina amodzi akale osemera chitsulo. Inu ophunzira za umisiri, makina otere mukuwadziwa. Chitsulo chimazungulira, mpeni umachidya pang'onopang'ono, mpaka chituluke chimene mwini ntchito akufuna. Eni zigayo, eni ngolo, okonza mijigo, onse chikawadukira chinthu chosapezeka m'sitolo ankathamangira kwa aKwenda. Pakhomo panalibe chikwangwani. Dzina lawo linkayenda lokha pakamwa pa anthu.

AKwenda anali ndi khalidwe lina limene anzawo ankawaseka nalo. Akamaliza ntchito sankayamba ndi kuyang'ana chimene apanga. Ankayamba agwada pansi pa makina, n'kutola tinyenyeswa ta chitsulo timene tagwa, n'kumatitembenuza pachikhatho. Wowotcherera zitsulo wa shopu yoyandikana nayo ankati, “AKwenda, mwataya chiyani pansipo? Kapena mukupemphera?” Iwo ankangopitiriza kutembenuza.

Ali mnyamata anaphunzira ntchitoyi kwa kapitawo wina wochokera kunja, ndipo kumeneko anatola liwu limodzi la Chingerezi limene sanalitaye mpaka imfa: swafu. Liwuli mwakumana nalo m'mabuku anu, ndipo ena mwa inu munaliloweza usiku umodzi mayeso ali mawa, ndikudziwa. Limanena tizidutswa timene timagwa chitsulo chikamasemedwa, chikamabooledwa kapena chikamapalidwa ndi tupa. Tina timakhala topotana, tina tonga singano, tina fumbi chabe. Si chidutswa chija chimatsala mukadula, chimene mungapangire china. Ndi chija mpeni wadya n'kulavula. Chingerezi china chonse chinawathawa kalekale aKwenda, moti munthu akawapatsa moni wa Chingerezi ankayankha ndi mutu. Koma liwu limeneli ankalitchula monyadira.

“Anthu aja anachipatsa dzina chinthu chimene ife timangosesa,” ankatero. “Munthu sapatsa dzina chinthu chimene sachiyang'ana.”

Ndipo iwo ankachiyang'anadi. Nyenyeswa zikatuluka zopserera, ankadziwa kuti wosema anathamanga. Zikakhala ngati fumbi, ankadziwa kuti mpeni unabuntha, umangokhula. Koposa zonse, nyenyeswa zinkawauza mtundu wa chitsulo. Chitsulo chofewa, chija timapangira zipata ndi mawindo, chimataya zazitali zosaduka, zopotana ngati nsinga za dzungu. Chitsulo cholimba, monga ekiselo ya lole, chija chimalumikiza mateyala, chimataya zazifupi, zothothoka, zobaya chala. Koma zitsulo ziwirizi mukazisema bwino n'kuzipukuta zimawala chimodzimodzi, ndipo diso silingathe kuzisiyanitsa.

Ana a aKwenda anakula n'kupita m'mizinda. Panalibe ndi mmodzi yemwe amene anakonda fungo la oyilo. Amene anatsala nawo anali Yotamu, mwana wa mlongo wawo, yemwe anamulera mayi ake atamwalira. Pa nthawi ya nkhaniyi Yotamu anali bambo wa ana awiri, wa ndevu zake, ndipo anali atagwira ntchito pa makina aja zaka khumi ndi ziwiri.

Musaganize kuti ndikukuuzani za munthu waulesi kapena wakuba. Ayi. Yotamu anali mmisiri. Dzanja lake linali lopepuka, diso lake lakuthwa. Chimene amalume ake ankachita masiku atatu, iye ankamaliza tsiku limodzi ndi theka. AKwenda akakhala ndi anzawo ankati, “Mwana uja wandiposa.” Koma ankanena zimenezi iye kulibe, monga amachitira akuluakulu athu, amene kuyamikira mwana pamaso pake amakuona ngati kumuthira mchere wambiri.

Vuto la Yotamu linali limodzi, ndipo poliona limaoneka ngati ubwino. Sankatha kuona munthu akuchoka pashopu ali wokhumudwa. Munthu akafunsa kuti, “Zitheka mawa?” pakamwa pake pankatuluka “Zitheka” mutu usanawerengere. AKwenda akati masiku anayi, anali masiku anayi, ungalire, ungagubuduke. Yotamu munthu akangoti kakasi pabenchi, mtima wake unkasungunuka.

Kenako maso a aKwenda anayamba kuchita ng'ala. Poyamba anabisa. Ankayeza ndi zala, n'kumanamizira kuti m'shopu muli mdima. Koma tsiku lina analonjera mtengo wa magetsi poganiza kuti ndi munthu, ndipo anadziwa kuti nthawi yakwana. Anaitana Yotamu.

“Anthu akatha kukolola, makiyi a shopu ino ndikupatsa,” anatero. “Ine ndizingokhala pampando, ndizikusokosa.”

Yotamu anasangalala kwambiri. Anali atadikira mawu amenewa zaka zambiri. Koma aKwenda mumtima anali ndi mantha, ndipo ndinene mosabisa chimene ankaopa. Makina aja anali akale, malata anali odontha. Chuma chenicheni cha shopuyo chinali chakuti munthu akanyamula chitsulo chochokera kwa aKwenda ankachimanga pa makina ake n'kuiwalako. Zaka makumi anayi anamanga chimenecho. Ankafuna kudziwa ngati akuchisiya m'manja amene achisunge, ndipo wina woti amusiyire analibe.

Nyengo yokolola ili pakati, kunabwera mayi wina, aNangondo, mwini chigayo cha kumudzi wina, mtunda wa maola awiri pa njinga. Shafuti ya chigayo chawo inali itaduka. Shafuti ndi chitsulo chija chapakati chimene chimanyamula nyundo zophwanyira chimanga, ndipo chimazungulira mwaliwiro loti diso silichiona. Chikaduka chigayo chili pa liwiro, nyundo zija sizifunsa njira. Nthawi imeneyi anachita mwayi, chinaduka akungoliza kumene injini. ANangondo analibe wantchito. Ankaima okha pambali pa chigayo, tsiku lonse, kuthira chimanga.

AKwenda anapapasa zidutswa ziwiri za shafuti ija, kenako anapita kuseri kwa shopu kumene kunali mulu wa zitsulo zakale. Anagogoda ichi, anagogoda icho, akumvetsera kulira kwake, mpaka anatulutsa ekiselo ya lole.

“Iyi,” anauza Yotamu. “Uyiike pamoto, uyikwirire m'phulusa mpaka mawa kuti ifeweko. Kenako uziidya pang'onopang'ono. Masiku anayi. Usapikisane nayo.”

Sabata yomweyo kuchipatala china chakutali kunabwera madokotala a maso, ndipo mwana wawo wamkazi anatuma uthenga kuti abwere. AKwenda anakwera basi m'mawa mwake. Aka kanali koyamba kusiya ntchito yaikulu yotere m'manja mwa Yotamu yekha.

Yotamu anayamba bwino. Anasonkha moto, anakwirira ekiselo m'phulusa, anadikira. Koma ataiika pa makina, chitsulocho chinakana. Akadya pang'ono, mpeni wabuntha. Akanola, akabwerera, adyenso pang'ono, wabunthanso. Tsiku lachiwiri magetsi anazima kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, iye atangokhala pakhomo manja ali m'masaya. Tsiku lachitatu aNangondo anabwera, n'kukhala pabenchi paja.

Sanakalipe. Zikanakhala bwino akanakalipa. Anangokhala, chitenje atafunda m'mapewa, n'kunena motsitsa mawu kuti, “Achimwene, anthu anga ayamba kupita kuchigayo cha kutsidya. Munthu akazolowera njira ina sabwerera. Ine chigayo chija ndiye munda wanga. Zitheka mawa?”

“Zitheka, mayi,” anatero Yotamu.

Mayi aja atachoka, anayang'ana ekiselo ija. Inali isanafike ndi theka lomwe. Ngakhale magetsi akanapanda kuzimanso, pankafunika masiku ena atatu. Ndiye maso ake anagwera kuseri kwa chitseko, kumene kunatsamira chitsulo china chozungulira, chonenepa mofanana, chimene anagulira ntchito ya zipata.

Maganizo oipa sabwera atanyamula nkhwangwa. Amabwera ngati mnansi wodzathandiza. Yotamu anati mumtima, “Chitsulo ndi chitsulo. Sichingaduke mwezi uno. Mayi aja agwire ntchito nyengo ino ipite, kenako ndidzasema ekiselo ija modekha, ndidzapita kukasintha. Palibe amene adzavulale, palibe amene adzadziwe.” Ndipo ndikukuuzani, pamene ankanena zimenezi ankazikhulupirira.

Anachotsa ekiselo, anamangapo chitsulo chofewa chija. Mpeni unalowa ngati ukudula sopo. Nyenyeswa zinayamba kutsika, zazitali, zonyezimira, zikupiringizana pansi. Dzuwa lisanalowe shafuti inali itatha. Anaiyeza mbali zonse, inali ndendende. Anaipukuta mpaka anadziona nkhope. Kunena zoona, inali shafuti yokongola kuposa zonse zimene zinatulukapo m'shopu imeneyo.

Ekiselo yosema theka ija anakaikankhira pansi pa mulu wa zitsulo zakale. Atabwerera m'shopu anaima, n'kuyang'ana pansi. Zaka khumi ndi ziwiri anakhala akuona amalume ake akugwada pamenepo. Anadziwa chimene mulu wa nyenyeswa uja unganene.

Anatenga tsache. Anasesa pakati, anasesa m'makona, anagona chafufumimba kusesa kunsi kwa makina kumene tsache linali lisanafikeko chiikireni makinawo. Anawolera zonse m'chidebe, anakazikhuthulira m'dzenje kuseri, anafotsera ndi dothi. Kenako anaimika tsache pakhoma.

M'mawa mwake anamangirira shafuti pa njinga, anakaiika yekha pa chigayo. Injini italira, nyundo zinazungulira mosalala, ufa unayamba kutuluka. Amayi amene anali pamzere analuluta. ANangondo anamugwira dzanja ndi manja awiri, anamupatsanso tambala woti akadye ndi ana. Pobwerera Yotamu ankaimba mluzu, ndipo kanthu kamene kankamukanda mumtima anakauza kuti kakhale chete.

Patapita masiku awiri aKwenda anabwera. Anabwera ndi maso omwe aja. Madokotala anati diso limodzi angadzaliyese ulendo wina, linalo linapita. Anatsika basi m'mawa, ndipo asanapite n'kunyumba komwe analunjika kushopu. Makiyi awo anali m'thumba la jekete, ndipo m'njira monse ankawagwiragwira.

Atangolowa anaima. Munthu amene wayenda m'shopu ya zitsulo moyo wake wonse amazolowera kumva tinthu tikulira kunsi kwa nsapato. Tsiku limenelo kunalibe kanthu.

“Kodi kukubwera alendo?” anafunsa.

“Ndimati mupeze poyera, amalume.”

“Hm. Nanga shafuti ya aNangondo?”

“Ikugwira ntchito. Kuyambira dzana.”

“Dzana?” AKwenda anawerenga masiku ndi zala, kenako anaseka pang'ono. “Dzanja lakoli.”

Anakondwa, ndipo chimwemwe chawo chinali chenicheni. Anapita pa makina, anagwada monga mwa chizolowezi, anapapasa pansi. Simenti yokhayokha. Anapapasa mkati, kunsi. Palibe. Anaseka okha, n'kufuna kudzuka. Mawondo a munthu wamkulu sadzuka okha, ndiye anatambasula dzanja kufuna pogwira, ndipo dzanjalo linagwera pa tsache lija. Kanthu kanawakanda chala.

Anakagwira, anakakoka. Kanatuluka m'tsache, kakutuluka, kakutulukabe, kopotanapotana, kotalika kuyambira kuchala mpaka m'chigongono. Anakapinda, kanapindika osathyoka. Anakafumbata m'manja, anadzuka, anakakhala pampando wawo.

Yotamu anali kupukuta masipanala, sanaone chimene chinachitika.

“Yotamu.”

“Wawa, amalume.”

“Sabata ino wasemanso china pa makinawa?”

“Ayi. Shafuti yokha ija.”

AKwenda anatambasula chikhatho.

Yotamu anayang'ana, ndipo sipanala inamugwa. Sipanafunike kufunsana zambiri. Onse awiri anali amisiri.

“Ekiselo ya lole sitaya swafu wotere,” anatero aKwenda.

Pamenepo mawu anayamba kukhuthuka m'kamwa mwa Yotamu. Za magetsi, za mpeni, za mayi aja pabenchi, zoti ankafuna kudzasintha nyengo ikatha. AKwenda anamusiya alankhule mpaka mawu anamuthera. Sanakalipe, sanamenye tebulo. Anafunsa funso limodzi.

“Pambali pa chigayo chija pamaima ndani?”

“Eni ake.”

“Tulutsa njinga.”

Yotamu ankapalasa, amalume ake atakhala kumbuyo, chikwama cha masipanala chili pamiyendo. Pa zitunda ankatsika n'kuyenda. Yotamu ankadziwa chimene chikubwera. Adzaimikidwa pamaso pa anthu, ndipo zidzanenedwa kuti iye, Yotamu, anasintha chitsulo. Dera lonse lidzamva lisanathe tsiku. Za makiyi anali ataiwalako kale. Ankangoganiza za mmene adzayendere pamsika.

Anafika dzuwa lili pamutu. Chigayo chinali kulira, ndipo panja panali mzere wautali. Amayi anakhala pa matumba awo, ena ana ali kumbuyo, ena atachokera kutali. Panalinso abambo angapo ndi njinga zawo. M'kati, aNangondo anali ataweramira pa chigayo, mutu uli mbuu ndi ufa, mkono uli pafupi ndi chivundikiro cha nyundo zija.

AKwenda anatsika, analowa akupapasa khoma, anafika pamene panali mayi aja, n'kukweza mawu.

“Zimitsani chigayo, mayi.”

“Mwati bwanji, aKwenda?”

“Zimitsani. Tsopano lino.”

Anazimitsa. Phokoso litatha, kunja kunabuka lina. Anthu anadzadza pakhomo. Wina anati wadikira kuyambira m'mawa. Wina anati chimanga chake chili theka m'kati. ANangondo nkhope inasintha.

“Chikugwira bwinobwino chigayochi. Mukufuna kundithamangitsiranso anthu?”

AKwenda anavula chipewa. Anatembenukira kumene kunkachokera mawu a anthu, pakuti nkhope zawo sankaziona.

“Shafuti ili m'chigayomu yatuluka m'shopu mwanga,” anatero. “Chitsulo chake ndi cholakwika. Sichiduka lero, mwina sichiduka mwezi uno, koma chidzaduka mayi awa ataima pomwe anaimapa. Tiichotsa. Mupirire masiku anayi. Mlandu ndi wanga, ndipo ndapepesa.”

Anathera pomwepo. Sanawonjezere dzina la munthu.

Kenako bambo wina wa njinga anati, mokweza kuti onse amve, “Ndi maso aja. Akuluwa anatola chitsulo china. Kodi simunamve kuti masiku ano amalonjera mitengo?”

Anthu anaseka. Ena anaseka mwachisoni, ena anangoseka. Mayi wina anati, “Ukalamba ndi wosayamba. Angomusiyira mwanayu ntchito asanatiphe.” Wina anavomera kuti eya, mnyamatayu ndiye wa dzanja, onani mmene anaikonzera bwino ngakhale anamupatsa chitsulo choipa.

AKwenda anamva zonse. Anaima pomwepo, chipewa m'manja, osatsutsa ndi liwu limodzi.

Yotamu anali pakhomo, atagwira njinga. Anatsegula pakamwa. Ndikufuna mumve bwino apa: anatsegula pakamwa. Mawu anali pafupi, asanu okha, akuti “Ndinasintha ndine, amalume alibe mlandu” ndipo akanatha ngakhale kuwafupikitsa. Koma anayang'ana nkhope zija zikumuyamikira, ndipo pakamwa panatsekeka. Anatsamiritsa njinga, anatenga masipanala, anayamba kumasula shafuti, mutu uli pansi.

Pobwerera shafuti inamangidwa pa njinga, ndiye onse awiri anayenda pansi. AKwenda anagwira chishalo kuti chiziwatsogolera. Anadutsa minda yokololedwa, anawoloka kamtsinje kouma. Atafika pamthunzi wa mtengo wina wa mango, mkulu uja anati apume. Anakhala pa muzu. Yotamu anaimirira, akulephera kukhala, akulephera kuchoka.

“Amalume,” anatero potsiriza, “bwanji simunanene kuti ndine?”

AKwenda anapukuta thukuta ndi chipewa.

“Mutu ukakula sulewa nkhonya,” anatero. “Chitsulo chija chinatuluka pakhomo panga. Komanso, mwana wanga, dzina langa ndatha nalo ntchito. Ndadya nalo, ndalera nalo ana, ndakulera nalo iwe. Latsala pang'ono kupita nane kumanda. Lako ndiye likufunika. Uli ndi zaka zambiri zoti uyende nalo, ndipo shopu ija ikhala pa ilo. Pa mayina awiriwa limodzi limayenera kufa lero. Ndasankha lokalamba.”

Kenako anapisa m'thumba la jekete, anatulutsa makiyi, anafufuza dzanja la Yotamu mpaka analipeza, n'kuwaika m'menemo.

“Ekiselo ija ukudziwa pamene unaiika. Masiku anayi.”

Yotamu analira. Bambo wa ndevu zake, analira pamsewu ngati mwana, makiyi ali m'manja. Anawapempha amalume ake kuti abwerere kuchigayo akanene zoona. AKwenda anapukusa mutu. Anati nthawi yonena inali ija, ndipo yadutsa. Kubwerera tsopano kukanangopha mayina onse awiri, n'kusiya mayi aja opanda mmisiri woti amukhulupirire.

Shafuti yeniyeni inasemedwa, ndipo inagwira ntchito zaka zambiri. Yotamu anakhala mmisiri wodalirika, ndipo sanasinthenso chitsulo moyo wake wonse. Koma aKwenda kuyambira tsiku lija palibe anabweranso kudzawafunsa nzeru. Anthu akalowa m'shopu ankawalonjera mwaulemu pampando pawo, n'kudutsa, n'kunong'oneza Yotamu kuti, “Koma chitsulo musankhe nokha.” Anakhala zaka zina zitatu akumva mawu amenewo. Pa maliro awo, wolankhula m'malo mwa amisiri anati malemuwa anali katswiri pa nthawi yawo, ngakhale kumapetoku ntchito inawakanika, ndipo tithokoze kuti anasiya mwana wa mlongo wawo amene anapulumutsa shopu. Yotamu anakhala kutsogolo, pafupi ndi bokosi, akumva.

Ine ndikafika apa mtima umandiwawa, ndipo sindichita manyazi kunena.

Tsopano inu. Mawa mutuluka pachipata cha sukulu ino ndi mapepala anu, ndipo aliyense wa inu adzakumana ndi tsiku lake lachitatu: magetsi azima, munthu wakhala pabenchi, chitsulo chofewa chatsamira kuseri kwa chitseko. Simudzachitenga chifukwa ndinu oipa. Mudzachitenga chifukwa mwatopa, ndiponso mukufuna kukondweretsa munthu. Mudzati palibe adzavulale. Mwina palibedi adzavulale.

Koma simukupita nokha kumeneko. Kumbuyo kwa aliyense wa inu kuli munthu amene anakuikirani dzina lake: amene anakuphunzitsani, amene anakulerani, amene adzauza bwana kuti, “Mulembeni ameneyu, ndikumudziwa.” Chinthu chikadzaululika, kawirikawiri woyamba kuimirira pamaso pa anthu sadzakhala inu. Adzakhala iyeyo, chipewa m'manja, chifukwa amakukondani. Inu mudzapulumuka, mudzatamandidwa, ndipo mudzakhala moyo wanu wonse mukudziwa amene anasekedwa m'malo mwanu.

Dzanja lisanafike pa chitsulo chofewa chija, mutchuleni dzina munthu ameneyo. Ngati mungapirire kumuona akusekedwa, chitengeni.